Mayi Lusiya Nachisale ndi Thumba la Feteleza

Alemekezeke Yesu Khristu. Bambo mfumu anapempha kuti m'kalata ya parishi mwezi uno mulembedwe za malemu mayi Lusiya Nachisale a mphakati wa Tereza Woyera, kuno kwa Wimbe. Ophunzira onse anakana, akuti misozi inganyowetse pepala. Ndiye ntchito yagwera ine Modester, msuweni wake, amene ndinayamba kumuseka tili ana ndipo sindinaleke. Mundikhululukire ndikamamutchula dzina ngati mwana, chisuweni sichikalamba. Zambiri anandiuza yekha, zina ndinaziona ndi maso.

Lusiya anabadwa nthawi ya atsamunda, wachitatu mwa ana asanu ndi awiri. Mulungu pogawa mphatso, ena anawapatsa mawu oimbira, ena mphamvu zolimira. Lusiya anamupatsa mantha, dengu lodzaza, lotsendereza. Ankaopa chule, bilimankhwe, ng'ombe yomangidwa, ndi munthu aliyense wovala yunifolomu, ngakhale kondakitala wa basi. Bingu likagunda ankadzikulunga mumphasa, miyendo yokha kuonekera kunja ngati chinangwa chosakwiririka bwino.

Ali m'kalasi ya ubatizo anamva akatekisiti akunena kuti kanjedza wodalitsidwa satayidwa, amasungidwa m'nyumba kuti atikumbutse chitetezo cha Ambuye. Enafe tinamva n'kuiwala. Lusiya anagwira mawuwo ngati nkhupakupa. Chaka chilichonse pa Lamulungu la Kanjedza ankang'amba tsamba lake tizidutswa, n'kuluka timitanda tating'ono ngati chikhadabo, n'kutikulunga m'kapepala ka pulasitiki. Timitandato ankatisokerera paliponse: mumpendero wa chitenje, m'chipewa cha mwamuna wake, m'khutu la thumba lililonse lolowa m'nyumba mwake. Ndipo ulusi wake unali umodzi, wobiriwira.

Anakwatiwa ndi a Lameki, mlimi wa fodya wofatsa, ndipo anabereka ana asanu ndi mmodzi. Awiri anawaika m'manda ali aang'ono, chaka chimodzi chomwecho cha chikuku. Sanadandaule mokweza. Anangoyamba kulawirira kutchalitchi Loweruka lililonse kukasesa, ndipo anasesa zaka makumi anayi. Pamaliro ankapezeka kumadzi ndi kunkhuni. Wodwala amene abale atopa naye, Lusiya ndiye ankamuchapira. Koma mumuuze kuti atsogolere pemphero pamphakati, mawu ankathawira m'mimba. A Lameki atamwalira anatsala yekha pakhomo, ana ali kumatauni, iye ndi kamunda kake ka chimanga.

Kenaka zinafika zaka za makuponi. Inu nonse mukukumbukira: mayina kulembedwa pabwalo, kuponi imodzi ya feteleza wokulitsa, ina ya wobereketsa, ndi mizere ya kudepoti yoti munthu ankaimapo mpaka kuiwala chimene wabwerera. Lusiya, monga mayi wamasiye, analembedwa. Wapampando wa komiti ya makuponi m'mudzi mwathu anali a Grey, munthu wosaipa mtima koma wokonda kuopseza. Chaka chimenecho anaima pabwalo n'kunena kuti, "Wogulitsa kapena kupatsa wina feteleza wa kuponi, apolisi amutenga. Ndipo si iye yekha, mudzi wonse ufufutidwa m'kaundula." Kaya lamulo linkaterodi, kaya a Grey anathirako tsabola, sitinafunse. Lusiya anabwerera kunyumba atakhulupirira mawu onsewo.

Kutsidya kwa dambo lathu kuli esiteti ya fodya. Kumeneko kunali tenanti wina dzina lake Lemani, Msilamu wochokera ku Machinga, ndi mkazi wake Patuma ndi ana atatu. Matenanti sankalembedwa makuponi chifukwa si eni mudzi. Feteleza amene ankalandira ku esiteti anali wa fodya basi, kapitawo akuyang'ana. Lusiya ankakumana ndi Patuma pamjigo, ndipo anaona tsitsi la mwana wakumsana likufiira ngati ndevu za chimanga. Tsiku lina podutsa anaonanso kachimanga kamene Lemani anabzala kuseri kwa nyumba yake, kachikasu, kosafika m'bondo.

Anavutika nazo sabata yathunthu. Lamulungu masana, mudzi wonse uli kumpira, anaitana Lemani kuti abwere ndi njinga.

"Bambo, tengani thumba ili la wobereketsa. Ine ndatsala ndi manyowa a mbuzi."

"Mayi, ndikulipirani ndi chiyani?"

"Mundilipire pakamwa. Mundilumbirire kuti dzina langa silituluka. Kwa kapitawo ayi, kwa apolisi ayi, ngakhale kwa akazi anu. Akamva a Grey, ine ndikafera kundende, mudzi wonse n'kunditemberera."

Lemani anaseka pang'ono poona mantha a mayiyo, koma anakweza chala kumwamba. "Ndalumbira pamaso pa Mulungu. Dzina lanu ndalimeza."

Mvula inadula masiku amenewo, choncho Lemani sanatsegule thumbalo, analiimika kuchipinda kudikira chinyezi. Sabata yomweyo akuba anathyola sitolo ya esiteti n'kutenga matumba asanu ndi atatu a feteleza wa mtundu womwewo. Anachita chipikisheni m'nyumba za matenanti, ndipo thumba losatsegula linapezeka kwa Lemani yekha.

Kukhoti anamufunsa kumene analitenga. Anati, "Ndinapatsidwa." Anamufunsa kuti ndi ndani. Anayang'ana pansi. Anamufunsa katatu, iye chete. Anamugamula zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsiku la mlanduwo Lusiya anavala, anamanga mpango, anafika mpaka pamsewu. Ataona galimoto ya apolisi ikudutsa, anabwerera n'kukadzikulunga mumphasa dzuwa likuswa mtengo.

Apa ndi pamene pali povuta kulemba. Patuma anathamangitsidwa ku esiteti, ndipo Lusiya anamutenga pamodzi ndi ana n'kuwapatsa nyumba imene inali ya mwana wake wamwamuna. Parishi yonse inamutama. Ngakhale paguwa anatchulidwa kuti taonani Mkhristu wosunga Asilamu. Mawu aliwonse oyamikira ankamulasa ngati minga ya mtete. Patuma, posadziwa kanthu, ankakhala naye pakhonde akusenda nandolo n'kumati, "Mayi, mwamuna wanga si wakuba. Akuti anapatsidwa, ndiye anapatsidwadi. Koma munthu ameneyo ali ndi mtima wotani, kungokhala phee mnzake akuvutika? Amagona tulo?"

Lusiya ankayankha kuti, "Kaya, mwanawe," nandolo zikugwera pansi.

Sankagona tulo. Anaonda mpaka ndolo kumulemera. Njinga yachilendo ikaima pafupi, ankaganiza kuti amudzera. Analeka kulandira Ukaristia, ankangokhala kumbuyo kolona ali m'manja. Ine ndinkamuseka kuti, "Iwe, unapha ndani?" Sankaseka. Zinatero chaka chathunthu ndi miyezi itatu. Kenaka Patuma anabwera kuchokera kundende kukaona mwamuna wake, n'kunena kuti Lemani wadwala chifuwa chachikulu, akutsokomola magazi, ndipo mikono yake yatsala ngati mikangala yopachikira fodya.

Sabata yotsatira linali Lamulungu la Kanjedza. Lusiya anaima m'tchalitchi tsamba lili m'manja, akumva Mthenga wa masautso a Ambuye. Atafika pamene Petulo akuwotha moto n'kunena kuti munthuyo sindimudziwa, kanjedza wa Lusiya anayamba kugwedera ngati muli mphepo. Misa itatha sanatuluke. Anakagwada kolapira n'kukhuthula zonse.

Iye ankayembekeza kupatsidwa makolona khumi. Bambo mfumu anati, "Mayi, kupatsa wanjala si tchimo. Tchimo ndi chete wanuyu, ndipo Tikuoneni Maria yekha satsegula chitseko cha ndende. Nthawi ya apilo inapita. Njira yotsala ndi kupempha chikhululukiro kwa akuluakulu a boma, paja pamasiku aakulu amamasula akaidi ena, makamaka odwala. Ine ndilemba kalata. Koma kalata yanga ikhala yopepuka ngati mwini sitolo inabedwa ija salembanso yake. Mupite kwa manijala wa esiteti. Musanapite kumeneko, muyambe mwauza mayi amene ali pakhomo panu."

"Bambo, bola munditume kwa mkango."

"Mikango yake ndi iwiriyo, ndipo ndakutumani kwa yonse."

Anamuuza Patuma madzulo omwewo, atagwada pabwalo ngati mwana. Patuma sanalire, sanatukwane. Ananyamula mphika wake n'kukaphikira kuseri kwa nyumba, ndipo kwa masiku asanu ndi anayi sanamupatse moni. Tsiku lakhumi anaima pakhomo n'kunena kuti, "Valani. Ndikuperekezani mpaka pageti la a Frazer. Agalu akumeneko ndi anu."

A Frazer, manijala wa esiteti, anali ndi agalu awiri aakulu ngati ana a ng'ombe. Panjira ponse Lusiya ankangonong'ona, ndipo Patuma atamufunsa chimene akunena, anayankha mawu amene pambuyo pake anadziwika parishi yonse: "Mtima wakana, ndiye ndikupempha miyendo. Ndikuti miyendo, tiyeni, mtima utipeza."

Agalu anauwa, iye anatsinzina n'kulowa ali chitsinzinire mpaka anagunda mtondo wa pakhonde. A Frazer anali atakhala akuyang'ana antchito akudinda mabelo.

"Agogo, mwasochera?"

"Bwana, thumba lija munamangitsira Lemani linali langa. Ndinamupatsa ndine."

A Frazer anaseka. "Chaka chonsechi munali kuti? Mkazi wake akukhala kwanu, ndikudziwa. Mwapangana. Matumba a feteleza amafanana onse ngati mazira."

"Langa silifanana. Ngati likadalipo, mutsegule khutu lake lakumanja. Mupeza ulusi wobiriwira, ndi kamtanda ka kanjedza m'kapulasitiki. Msilamu sangasokerere mtanda, ndipo sitolo yanu sindinalowemo chibadwire."

"Tikapanda kupeza?"

Lusiya anati, "Mundiitanire apolisi, ndanama."

Thumbalo linali litabwezedwa ku esiteti mlandu utatha, lili ndi manambala a kukhoti olembedwa ndi inki yakuda. Feteleza anathira kufodya kalekale. Analifunafuna m'sitolo, m'zigafa, osalipeza. Lusiya anakhala padzuwa pafupifupi maola awiri, galu mmodzi atagona pafupi ndi phazi lake, iye osayerekeza ngakhale kukanda pamene ntchentche yatera. M'mutu mwake munkangozungulira kuti mwina analiwotcha, mwina ulusi unaola, mwina tsiku lija anaiwala kusokerera. Mapeto ake mkazi wa mlonda anakumbukira. Umboni wa boma uja unali utapachikidwa ngati chitseko cha bafa la mlonda.

Analibweretsa litayera ndi dzuwa, manambala akuonekabe. A Frazer anatulutsa kampeni, koma anapatsa Lusiya kuti atsegule yekha. Mpeni unamugwa kawiri. Anang'amba ndi mano. Kapulasitiki kanagwera pakhonde, ndipo m'kati mwake munali kamtanda kouma, kofiirira, kathunthu.

A Frazer anakatola n'kukayang'ana nthawi yaitali. Antchito analeka kudinda.

"Ndiye matumba anga asanu ndi atatu aja anapita ndi ndani?"

"Sindidziwa, bwana. Ine ndikudziwa limodzi lokhali."

"Munthu wakhala m'ndende chifukwa cha mantha anu, agogo."

"Eya. Ndi chifukwa cha changu chanu."

Lusiya ankati mawu amenewo sanadziwe kumene anachokera, ndipo atawanena anafuna kukomoka. A Frazer anamuyang'ana, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kalata yodinda chidindo cha esiteti.

Kunatsala mudzi. Bambo mfumu anati pempholo lidzalemera likakhala ndi zidindo za zala za anthu ambiri. Lamulungu lotsatira, mayi amene sanatsogolerepo ngakhale Atate Athu anaima kutsogolo kwa tchalitchi chodzaza n'kunena zonse. Anamaliza ndi mawu akuti, "Munkanditama kuti ndasunga ana a mkaidi. Ndine ndinawasandutsa ana a mkaidi."

Panja a Grey anamupeza. "A Nachisale, mwatipha. Akamva kuboma, mudzi wonse tilira chaka chino."

"Mufufute dzina langa lokha, bambo. Muwauze kuti wolakwa mwamulanga kale."

Ena anakana kudinda poopa makuponi awo, ena anadinda mobisa kuseri kwa tchalitchi. Zala zinakwana makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, changa chili pamenepo, chachikulu kuposa zonse chifukwa ndinaviika kawiri. Komiti inachotsadi dzina la Lusiya ndipo silinabwererenso. Mudzi sunafufutidwe, apolisi sanabwere. Chinthu chimene anachiopa chaka chonse chinangothera pamenepo, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa ngati akanamumanga.

Makalata atatumizidwa, Lusiya anapita ndi Patuma kundende. Pageti, ataona asilikali ndi mfuti, anakhala pansi m'fumbi. Anapemphanso miyendo. Lemani anatuluka atagwira khoma, yunifolomu ikumuzungulira ngati yobwereka.

"Mayi, mwabwera."

"Ndabwera mochedwa, bambo. Bwanji simunangonditchula?"

"Munandilumbiritsa pa Mulungu. Lumbiro amamasula ndi mwini wake. Ine tsiku lililonse lochezera ndinkayang'ana pageti kuti mwina lero."

Lusiya analira mpaka msilikali anamubweretsera madzi. "Ndakumasulani. Nenani kwa aliyense."

"Mwanena kale nokha," anatero Lemani, n'kutsokomola. "Koma chimanga chija chinabereka?"

Patuma anayankha kuti chinadyedwa ndi mbuzi za kapitawo, ndipo onse atatu anaseka, kuseka kwa anthu otopa.

Pa tsiku la ufulu mu Julayi akaidi ena anamasulidwa, Lemani panalibe. Miyezi yotsatira ndiyo inali yoopsa kuposa yonse. Foni ya akatekisiti ikalira, Lusiya ankagwira pamtima poganiza kuti ndi uthenga wa maliro. Mwezi uliwonse ankagulitsa nkhuku, n'kukwera matola kupita ku Boma ndi mazira owiritsa ndi nsinjiro za wodwalayo, n'kudutsanso kumaofesi kukafunsa ngati kalata inafika. Alembi anamuzolowera, ankangoti kwabwera agogo onjenjemera aja. Ankamuuza kuti mubwere mwezi wamawa, iye n'kubweradi.

Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ifike, masana, Lusiya akupalira, anaona kabaza akutsitsa munthu pamsewu. Munthuyo anayenda pang'onopang'ono, akupuma pamtengo uliwonse, kajumbo kali m'manja. Patuma anataya khasu n'kuthamanga. Lusiya miyendo inamukana tsiku limenelo, anangogwada mumzere momwemo.

Pepala limene Lemani anabwera nalo silinanene kuti sanabe. Linati wakhululukidwa. Lusiya zinamuwawa, koma mwini wake ankaseka. Anachira pang'onopang'ono, ngakhale mphamvu zolimira fodya sizinabwerere. Ana a Lusiya anavomera kuti banjalo lizilima dimba la malemu bambo awo, ndipo likulima mpaka lero. Zaka zonse zotsatira, Lemani akabwera ndi tomato, Lusiya ankafunsa funso limodzimodzi: "Bambo, munandikhululukiradi?" Iye ankayankha kuti, "Mayi, boma linakhululukira ine wosalakwa. Ine ndilephere kukhululukira inu wondipatsa feteleza?"

Musaganize kuti mantha anatha. Chule ankamuthawabe mpaka ukalamba. Koma kuyambira pamenepo, pakamveka kuti wina m'mudzi akunamiziridwa, kaya nkhalamba yonenedwa ufiti, kaya mtsikana wonenedwa kuba, ankapezeka ataima pambali pake, akunjenjemera ngati tsamba, osachoka.

Anadwala miyezi iwiri chaka chino. Analandira mafuta oyera Lachitatu. Lachisanu masana kunachita mdima wa mvula yoyamba, bingu n'kugunda pafupi penipeni. Ine mwachizolowezi ndinatenga mphasa kuti ndimufunditse.

"Usandiphimbe, Modester. Tsegula chitseko ndione."

"Iwe, wayamba liti kulimba mtima?"

"Sindinalimbe. Ndikuopa kukaonana nawo Ambuye, paja ndinawakana chaka ndi miyezi itatu."

"Petulo anawakana katatu, koma anamupatsa makiyi. Iwe akakupatsa tsache, ukapitirize kusesa."

Anamwetulira. Patuma anali atamugwira dzanja, Lemani atakhala pakhomo chipewa chili pabondo. Lemani anatulutsa m'thumba la malaya kapulasitiki kaja, kamene a Frazer anamupatsa atatuluka, n'kukaika m'dzanja la Lusiya. Iye anakafumbata. Anayang'ana mvula ikugwa pabwalo, milomo ikuyenda pang'ono. Ndinawerama kuti ndimve. Ankati, "Miyendo, tiyeni." Mvula isanakate anali atapita, mwakachetechete ngati mwana wogona kumsana.

Tinamuika Loweruka, kamtanda kali m'dzanja. A Grey anadandaula pamanda kuti dzina lija akanalibwezera, ndipo a Frazer anatumiza thirakitala yonyamula nkhuni.

Abale anga, ena timadikira kuti mantha athe ndiye tichite chabwino. Lusiya anadikira choncho, munthu n'kutsala pang'ono kufera m'ndende, ndipo iye mwini anandilamula kuti ndikadzalemba ndisabise zimenezo. Mantha sanathe. Anangonyamuka nawo.

Akatekisiti andipempha kuti ndimalize ndi chidziwitso ichi. Achinyamata asavutike chaka chamawa kukadula kanjedza kudambo. Bambo Lemani abwera kudzanena kuti ntchito imeneyo ndi yawo mpaka imfa. Akuti m'tchalitchi salowa, adzangotula mtolo pakhomo, pamene mayi ankaimika tsache.

Mzimu wa Lusiya uuse mumtendere, kumene kulibe agalu, mabingu ndi achule.